Nsambo Yachitatu

"Ndiye mukufuna komva kapena kogontha?" anafunsa mayi wa m'sitoloyo uku akuyala timakina tiwiri pagalasi la kauntala.

A Chitsulo anavula chipewa, n'kuchivalanso. M'sitolo ya zida zoimbira imeneyi anali atalowamo kambirimbiri kudzagula nsambo, koma funso lotere anali asanalimvepo. Dzina lakuti Chitsulo linachokera ku ntchito yawo. Gitala imene ankaimba sinali yokoleka paphewa ayi. Inali yogona chagada pamiyendo inayi ngati katebulo, nsambo khumi pamwamba, zopondera pansi ngati za galimoto, ndi timikono tokankha ndi mawondo. Woimba amakhala pampando n'kumatereretsa kachitsulo kosalala pansambozo, gitalayo n'kumalira ngati munthu. Mumzinda monse oimba chinthu chimenechi anali iwo okha, moti dzina lawo lenileni anthu analiiwala kalekale.

"Ine ndatumidwa kudzagula kamakina kochunira gitala," anatero. "Za makutuzo sanandiuze."

Mayiyo anaseka, n'kunyamula kakuda. "Aka n'kogontha. Mumalowetsa waya wa gitala apa, ndiye kamamva nsambo zokhazokha. Ng'oma zisokose pambali panu, apongozi a mkwati akuwe, iko sikamva kanthu." Anakabweza pagalasi, n'kutola kotuwa, kokhala ndi timabowo pakona. "Aka kali ndi khutu. Waya sikafuna. Mumangokaika pafupi, mukakhudza nsambo iko kamva, kamuvi aka n'kuloza. Kakaima pakati, mawu ali m'malo. Kakapendekera kumanzere mwatsitsa, kumanja mwakweza. Koma n'kamiseche. Chilichonse cholira m'chipindamo kamatola."

"Nanga kabwino n'kati?"

"Kwa munthu woimba m'maukwati, ine ndikanati kogontha. Koma inu akuluakulu mumakonda chinthu choti muzicheza nacho."

A Chitsulo ananyamula kakuda, n'kukasiya. Ananyamula kotuwa, n'kukasiyanso. Anthu ena analowa, n'kugula, n'kutuluka, iwo ali chiimire.

"Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada," anatero mayiyo potsiriza. "Tengani tonse tiwiri mukayese kunyumba. Lachisanu mudzabweze kamodzi. Inu simungandithawe, gitala yanu ija njolemera."

Mayiyo sankadziwa kuti a Chitsulo anali akusankha wolowa m'malo mwa mkazi wawo.

Malemuyo anali mayi wa mawu aakulu, okhuthala, oti akayankha foni anthu ankati, "Pepani bambo." Sanaimbepo m'kwaya iliyonse, ndipo nyimbo ankaisokoneza ikadali pamzere woyamba. Koma anali ndi mphatso imodzi imene a Chitsulo ankaitama paliponse. Tsiku la ntchito likafika, iwo ankaimika gitala pabalaza n'kuitana kuti, "Mayi, tandipatsani!" Ndiye kuchokera kukhitchini kunkabwera liwu limodzi lalitali, lotsekera pakamwa, mmmmm, losakwera, losatsika. A Chitsulo ankapotoza nsambo yachitatu mpaka igwirizane nalo. Nsambo zina zonse zinkatengera kwa yachitatuyo, ndipo akafika kuphwando, bandi yonse inkatengera kwa iwo. Zaka ndi zaka liwulo silinasunthe.

"Bandi yonse ili pakhosi panga pano," ankatero malemuyo, "koma pachithunzi chanu chija sindikuonekapo."

Masiku ena ankakana. "Lero mmero wauma, dzichunireni nokha." Akatero ankatero basi, ngakhale a Chitsulo anyengerere chotani. Masiku amenewo bandi inkaimba mwa bolani.

Anamwalira m'nyengo ya mvula, atadwala pang'ono chabe. A Chitsulo anayesa kulisunga liwulo m'mutu, koma liwu si chinthu choti n'kuika m'thumba. Makutu awonso anali atatha, atadyedwa ndi masipika amene anakhala nawo pafupi moyo wawo wonse. Mawu a pamwamba ankawamvako, koma a pansi, onjenjemera, anali atawathawa. Ndiye tsoka sasimba, chaka chomwecho bandi inagula kiyibodi. Kiyibodi sitengera kwa munthu. Paukwati wina mkwatibwi akulowa, gitala ndi kiyibodi zinakangana poyera ngati amphaka padenga, mpaka mayi wina wa kuchimuna anatseka makutu ndi kachikwama kake.

Mawa lake mkulu wa bandi, amene onse ankamutcha Manijala, anawatengera pambali. "Achikulire, ine munandiphunzitsa ndinu kugwira gitala, sindingakunyozeni. Koma pezani kamakina. Masiku ano aliyense amachunira kamakina."

Ndi mmene a Chitsulo anafikira kunyumba masana amenewo ali ndi timabokosi tiwiri m'thumba la jekete.

Nyumbayo inali monga anaisiyira malemu. Patapata zawo zinali pakhomo la kukhitchini, imodzi itapondana ndi inzake. Epuloni inali pamsomali. A Chitsulo ankasesa mozungulira zinthu zimenezi osazikhudza. Anatsegula zenera, n'kuimika gitala pamalo pake, pafupi ndi tebulo logundana ndi khoma la kukhitchini.

Anayamba ndi kogontha. Analowetsa waya, n'kukhudza nsambo yachitatu. Kamuvi kanagwera kumanzere ngati kakuwaseka. Anapotoza, anapotozanso, nsambo ikukungika, mpaka kamuvi kanaima pakati. Anachita chimodzimodzi ndi zinzake, kenako ndi zopondera, chimodzichimodzi. Atatha anaika chitsulo pansambo n'kuyamba kanyimbo. Mawu anali olondola, sakanatsutsa. Koma nsambo zinali zolimba pansi pa dzanja, zaukali, ndipo anadzimva ngati munthu wovala nsapato zobwereka.

Anazula wayayo, n'kutulutsa kotuwa. Anakayatsa, n'kukaika patebulo, n'kupita kukasamba m'manja. Pobwerera anaima pakati pa balaza.

Kamuvi kanali kataimirira.

Gitala palibe anaikhudza. Anayala chikhatho pansambo zonse khumi kuti zisanjenjemere. Kamuvi sikanagwe. Kanali chiimire, katapendekera pang'ono kumanzere, pansi pake chilembo chimodzi, dzina la liwu limene kankamva, chikuwala, osasuntha ngakhale pang'ono. A Chitsulo anatchera khutu. Kunja dzuwa linali phwee, msewu uli zii, galu wa aneba atagona pansi pa mpanda. Sanamve kanthu.

Patapita kanthawi kamuvi kanagwa kokha, chilembo n'kuzima.

Anakhala pampando. Anadziuza kuti ndi mabatire, zinthu za masiku ano n'zosalimba. Anali akudziuzabe choncho pamene kamuvi kanadzukanso, n'kukaima pamalo pomwe paja, chilembo chomwe chija.

"Mayi?" anatero.

Manja awo anadziwa chochita mutu usanaganize. Anakhudza nsambo yachitatu n'kuyamba kuimasula, pang'onopang'ono, mpaka kamuvi kanaloza malo omwewo. Nsambo zina anazitengera kwa iyo monga kale. Kenako anaika chitsulo. Nsambo zinafewa, zinagonjera dzanja, ndipo gitala inalira liwu lake lakale, lija anali atalisowa chimwalirire mkazi wawo. Dzanja silinama. Linali liwu lija, lenilenilo. A Chitsulo anaimba mpaka dzuwa linachoka pazenera, misozi ikugwera pansambo, osaipukuta.

Kuyambira tsiku limenelo kotuwa sikanazimitsidwe. Kamuvi kankabwera n'kupita, kubwera n'kupita, monga munthu wotanganidwa kukhitchini amene amasuzumira pabalaza n'kubwereranso. Kakadzuka iwo ankati, "Mwabwera?" Ankakauza za mtengo wa mapapaya umene unayamba kubala, za bondo limene linkawavuta popondera, za Manijala ndi kiyibodi yake. Mantha analipo, sitinganame. Nthawi zina ankachita tsemwe msana wonse ndipo sankayerekeza kuyang'ana kukhomo la kukhitchini. Koma mantha amenewo ankawakonda kuposa bata limene linali m'nyumbamo kale.

Mwana wawo woyamba, amene m'banjamo ankangomutcha Chisamba, anabwera pakati pa sabata atanyamula masamba ndi sopo. Anali namwino, munthu wosakonda zozungulira. Anawapeza bambo ake atakhala moyang'anizana ndi tebulo, manja pamawondo.

"Bambo, ndagogoda mpaka zala kuwawa. Mukulankhula ndi ndani?"

"Khala apa. Usasokose. Amayi ako amabwera."

Chisamba anaika thumba pansi mwapang'onopang'ono. Anakhala. A Chitsulo anamufotokozera zonse, akuloza kamakina. Anadikira onse awiri. Kamuvi kanagona chigonere, ngati kakuchita dala. Chisamba ankayang'ana nkhope ya bambo ake, osati kamakinako, ndipo a Chitsulo anawaona maso amenewo. Anali maso a kuntchito, oyezera odwala.

"Amachita manyazi pakakhala anthu," anatero.

"Ine ndine anthu?" anatero Chisamba. "Bambo, amayi tinawaika. Inu munalipo, ine ndinakugwirani mkono. Nyumba ino ikukudyani. Tiyeni mukakhale kwathu, chipinda chilipo. Zakalezi, mipando, firiji, makabati, tipatse anthu. Gitala yokhayo mutenge."

"Ndichoke, iwo azibwera osandipeza?"

Chisamba analowetsa masamba m'firiji, n'kutsuka makapu amene anapeza m'sinki, n'kutsazika mwachidule. Sanafike n'kugeti komwe pamene kamuvi kanadzuka. A Chitsulo anakaloza ndi chala. "Inunso mwano. Mwana wanu yemwe?"

Lachinayi bandi inkakonzekera ukwati wa Loweruka m'galaja ya Manijala, pakati pa matayala akale ndi zitini za penti. A Chitsulo anafika gitala itachunidwa kale kunyumba, nkhope ikuwala. Woimba ng'oma anawerenga mpaka kanayi, onse n'kulowa m'nyimbo. Sanafike patali. Gitala inali pansi, kiyibodi pamwamba, ndipo pakati pawo panali phokoso loyabwa m'mano. Manijala anakweza dzanja.

"Achikulire, kamakina kaja simunagule?"

"Ndili nato tiwiri."

"Ndiye timakinato tikukangana tokhatokha m'thumbamo?" anatero wa ng'oma, ena n'kuseka.

"Mawu enieni ndi awa," anatero a Chitsulo akugogoda gitala. "Bandi ino yaimbira mawu amenewa inu musanamere ndevu. Atsitse iyeyo."

Wa kiyibodi, bambo wofatsa wa magalasi, anayankha mwaulemu. "Ine ndikhoza kutsitsa, achikulire, koma Loweruka kuli a malipenga ndi kwaya ya kwa mkwati. Titsitsa mzinda wonse?"

"Mawuwa mwawatenga kuti?" anafunsa Manijala.

A Chitsulo akanati chiyani? Wa kiyibodi, mwina pofuna kuthandiza, mwina manja akungomuyabwa, anadina kabatani kena n'kuimba timawu tingapo. M'sipika munatuluka kulira kwa gitala yogona, kotereratera, kosalala. Sikanali kulira kwenikweni, kunalibe mpweya wa munthu, koma paukwati ndani akanazindikira? A Chitsulo anamva ngati aona suti yawo ikuyenda mumsewu itavalidwa ndi munthu wina.

"Zimitsa icho," anatero Manijala mwaukali. Kenako anagwada pambali pa mpando wa a Chitsulo n'kutsitsa mawu. "Sindikufuna batani limenelo, ndikufuna inuyo. Koma mapanga awiri avumbwitsa, achikulire. Loweruka mukabwera ndi mawu a anthu onse, mpando ndi wanu. Mukabwera ndi awa, ndidzakupemphani kuti mukhale pansi mudye nawo basi. Musandichititse zimenezo."

A Chitsulo anapasula gitala yawo mwakachetechete, miyendo, ndodo, zopondera, chilichonse m'malo mwake m'bokosi. Palibe anaseka.

Lachisanu masana kunatentha. Timakina tonse tiwiri tinali patebulo, timabokosi take pambali. Kamodzi kanayenera kubwerera kusitolo asanatseke. Kutsidya kwa msewu wailesi ya wometa tsitsi inkalira, ndipo kamuvi kanali kataimirira.

"Ndiuzeni chochita, mayi," anatero a Chitsulo. "Ndikasunga kogontha ndiye kuti ndakutsekerani chitseko ndi manja anga. Ndikasunga aka, sindingathe kukumvani kenako n'kukachuna za anthu ena. Dzanja likana. Ndiye ntchito yatha. Mundiuze ndinu, munali ndi nzeru kuposa ine."

Kamuvi kanangoti njo.

"Ngati mukuti ndisiye bandi, ndisiya. Ndizikuimbirani inuyo pabalaza pano."

Nthawi yomweyo wailesi ya wometa inaduka pakati pa nyimbo. Wina mumsewu anakuwa kuti, "Magetsi athima!" Ndipo kamuvi kanagwa.

A Chitsulo anadikira. Kale kakagwa kankadzukanso munthu asanamalize kapu ya tiyi. Tsopano kanagona. Mthunzi wa zenera unayenda pansi mpaka kukwera mwendo wa gitala. Anaganiza kuti awakwiyitsa ndi funso lija, ndipo anapepesa. Anapepesanso. Kukhosi kunauma, ndipo anadzuka, n'kulambalala patapata zija, n'kulowa kukhitchini kukamwa madzi.

M'firiji munali mdima. Inali firiji yakale, yonenepa, yachikasu chifukwa cha ukalamba, chinthu choyamba chimene anagula atangokwatirana. Inaima pakona, msana wake utagunda khoma la pabalaza. Anatulutsa botolo, n'kutseka chitseko, n'kumwa dzanja lina litagwira pamwamba pake.

Kutsidya wailesi inayambiranso. Pansi pa chikhatho chawo firiji inadzigwedeza ngati ng'ombe yodzuka, n'kuyamba kunjenjemera. Kulira kwake sanakumve, koma kunjenjemerako kunakwera m'dzanja mpaka m'chigongono. Anatembenuka. Kudzera pakhomo ankaona tebulo, ndipo patebulopo kamuvi kanali kataimirira.

Anaika botolo pansi. Anawerama, bondo likulira, n'kuzimitsa pasoketi. Firiji inatsokomola n'kukhala chete. Kamuvi kanagwa. Anadikira pang'ono, n'kuyatsanso. Kanadzuka.

Anakhala pakampando ka kukhitchini nthawi yaitali. Poyamba kunabwera manyazi, otentha kumaso. Sabata yonse bambo wamkulu, wa zidzukulu, wakhala akuuza firiji za mapapaya! Kenako kunabwera chisoni choposa cha tsiku la maliro, chifukwa anali ataferedwa kachiwiri, ndipo ulendo uno panalibe womugwira mkono.

Ali chikhalire choncho, maso awo anagwera pambali pa firijiyo. Penti inali itaperepeseka pamalo amodzi, chigamba chosalala, chotuwa, chachikulu ngati mbale. Anali atachiona kambirimbiri osachiganizira. Anaimirira n'kuyandikira. Chinali pamsinkhu wa phewa la mkazi wawo.

Ndiye zinthu zinayamba kubwera zokha. Liwu lija silinachokerepo kuchipinda, kapena kubafa, kapena panja pochapa. Nthawi zonse linkachokera kukhitchini. Akaitana mkazi wawo ali kwina, ankayankha kuti, "Dikirani," iwo n'kumva patapata zikulowera kuno. Nthawi zina ankachedwa, iwo n'kumadandaula kuti galimoto ya bandi ifika, osadziwa kuti mayiyo akudikira firiji idzuke. Nanga masiku a mmero wouma aja? Anawakumbukira tsopano limodzilimodzi. Anali masiku ophika pamakala, masiku amene malaya a bandi ankasitidwa ndi simbi yamoto. Anali masiku opanda magetsi.

"Mayi inu," anatero a Chitsulo mokweza. "Wakuba inu!"

Kuseka kunawatulukira mosayembekezera, kowawa, kogwedeza nthiti. Anakumbukira mmene ankadzitamira m'mabasi ndi m'maphwando kuti mkazi wawo ali ndi khutu loposa la aphunzitsi a nyimbo, mayiyo ali pambali, maso pansi, akumwetulira ngati mkwatibwi. Bandi yonse, maukwati onse aja, anthu ovina mpaka nsapato kuduka, onsewo ankavinira firiji! Ndipo mayi uja anapita nacho chinsinsi chake kumanda osaphethira. Sanali ndi mphatso. Anangoona tsiku lina mwamuna wake wachinyamata akuvutika ndi nsambo, thukuta lili kamukamu, n'kupeza njira yomuthandizira. Ataona mmene anakondwera, sanafunenso kumulanda chimwemwecho. Zaka zonsezo mayi wosadziwa kuimba ankasiya mpeni ndi anyezi, n'kutsamira chitsulo chozizira, kuti mwamuna wake apite kuntchito mtima uli m'malo.

Kusekako kunathera m'kulira, ndipo a Chitsulo anakusiya kuti kuthe kokha.

Anafika kusitolo mayi uja akutsitsa kale zotchinga mazenera.

"Ndimati pusi wagwadi chagada," anatero. "Ndiye mwabweza kati?"

Anaika kotuwa pagalasi.

"Kali ndi vuto?"

"Ayi, n'kabwinobwino. Kamangomva kwambiri."

"Ndinakuuzani kuti n'kamiseche. Kakuuzani za ndani?"

"Za akazi anga," anatero a Chitsulo. Mayiyo anaseka, kenako anakumbukira kuti bambowa ndi ofedwa, kuseka n'kumuthera pakamwa. Koma iwo anali atavala kale chipewa.

Loweruka anafika paholo ena onse asanafike. Anaimika gitala, n'kulowetsa waya m'kogontha, n'kukunga nsambo yachitatu mpaka kamuvi kanaima pakati. Poikunga anamva ngati akutseka chitseko cha chipinda chimene munthu wagonamo. Anthu okongoletsa ankakoka matebulo, wina ankayesa maikolofoni, koma kamakinako sikanamve chilichonse, kanayang'ana nsambo basi. Mkwatibwi atalowa, gitala ndi kiyibodi zinayenda limodzi ngati ana a mimba imodzi, malipenga n'kukwera pamwamba pawo. Manijala anatembenuka n'kuwagwedezera mutu, maso ali ndi misozi. Wa ng'oma anakuwa kuti, "Madala abwerera!"

A Chitsulo anamwetulira. Nsambo zinali zolimbabe pansi pa dzanja, ndipo anadziwa kuti zidzakhala choncho mpaka kalekale. Mpando unali wawo, koma gitala imene inkalira m'holomo sinali ija malemu ankaidziwa.

Mawa lake Chisamba anabwera m'mawa kudzachapa makatani. Anayang'ana patebulo, n'kuona kuti kotuwa kaja palibe. Anangoti, "Za kusamuka zija mwaganizapo?"

"Ndikhala konkuno. Ndipo firijiyo isachoke."

"Chokalamba chimenechi? Chimabuula tsiku lonse, inu simuchimva chabe."

"Chisiye chizibuula."

Chisamba anapukusa mutu, n'kunyamula beseni kupita kuseri kwa nyumba. A Chitsulo anatsala okha kukhitchini. Anayang'ana chigamba chija. Kenako, mwamanyazi ngati munthu woyesa chovala cha mwini, anapinda mawondo pang'ono, chifukwa malemu anali wamfupi, n'kutsamiritsa phewa pomwepo. Chitsulo chinali chozizira, chili chete. Anadikira, monga ankadikirira mayi uja.

Firiji inadzigwedeza. Kunjenjemera kunalowa paphewa, n'kutsika m'nthiti, n'kukwera m'chibwano. Makutu sanamve kanthu, koma mafupa anamva. Anatseka maso ndi pakamwa, n'kulifunafuna liwulo kukhosi, kukwera pang'ono, kutsika pang'ono, mpaka pamene chifuwa ndi chitsulo zinanjenjemera pamodzi. Analigwira, n'kulikoka, lalitali, losakwera, losatsika.

Kuseri kwa nyumba beseni linagwa.

Atatsegula maso, Chisamba anali pakhomo la kuseri, thovu likuchucha m'manja, nkhope itatuwa. Maso ake ankafufuza m'khitchinimo, kuseri kwa chitseko, pamsomali wa epuloni, asanafike pa bambo ake.

"Ndimayesa..." anatero.

"Ndikudziwa," anatero a Chitsulo. Anasuntha pang'ono kusiya malo. "Pukuta m'manja, ubwere utsamire apa isanazime."